Kuvulala kwa ubongo: tidziwa bwanji pamene munthu wafika pochira? Mafunso ndi mayankho

Awa ndi mafunso amene timamva mobwerezabwereza pakhonde la wodi, pa benchi la ku mafizo, ndiponso m'makomo tikamayendera anthu amene anavulala m'mutu kuno ku Mulanje ndi Thyolo. Ofunsa ambiri ndi amayi amene akusamalira amuna awo kapena ana awo. Ena ndi alangizi a zaumoyo, ena ndi ovulalawo eni ake. Tayamba ndi apafupi, ozama ali kutsogolo.

Kodi kuvulala kwa ubongo n'kosiyana ndi bala la pamutu?

N'kosiyana. Bala la pamutu limachucha magazi ambiri n'kuopsa aliyense, koma likasokedwa limapola. Ubongo ndi wofewa ndipo uli m'kati mwa chigaza. Mutu ukamenyetseka mwamphamvu, ubongo umagwedezeka n'kudziguguda ku fupa. Umatha kutupa, kapena mitsempha kuduka magazi n'kuundana m'kati, kunjaku kulibe ngakhale kabala.

Kwathu kuno ambiri amavulala pa njinga zamoto za kabaza, mumsewu wochokera ku Limbe kudzera ku Thyolo ndi Luchenza mpaka ku Muloza, ndi wa Midima, kawirikawiri mutu uli pamtunda opanda chipewa. Ena amagwa mumtengo wa mango kapena wa mapeyala, ena ndi ndewu za kumowa. Mu Marichi 2023 namondwe wa Freddy anawonjezera ogweredwa ndi makoma ndi okokoloka ndi miyala ya m'mapiri.

Adokotala analemba "GCS 9/15" m'buku la kuchipatala. Ndiye kuti wachira maperesenti angati?

Si maperesenti, ndipo si muyeso wa kuchira. GCS ndi chidule cha Glasgow Coma Scale, muyeso umene madokotala awiri a ku Glasgow m'dziko la Scotland, Graham Teasdale ndi Bryan Jennett, anatulutsa mu 1974 kuti achipatala asiye mawu osagwirika ngati "wakomoka pang'ono". Umaona zinthu zitatu pa nthawi yomweyo. Kutsegula maso kumapatsidwa mpaka 4, kulankhula mpaka 5, kusuntha thupi mpaka 6. Zonse pamodzi, wogalamuka bwinobwino amapeza 15, wokomokeratu amapeza 3. Kuyambira 13 mpaka 15 amati wavulala pang'ono, 9 mpaka 12 ndi pakatikati, 8 kutsika m'munsi ndi kuvulala kwakukulu.

Nambala imeneyi imatha kusintha m'maola ochepa. N'chifukwa chake anamwino amabwera usiku kudzadzutsa wodwala, kumufunsa dzina ndi kumuwalitsa tochi m'maso. Imanena za kugalamuka basi. Munthu amatha kutuluka m'chipatala ali pa 15 koma osathanso kuwerenga chenji.

Nanga muyeso wa kuchira ndi uti?

Wogwiritsidwa ntchito kwambiri padziko lonse ndi Glasgow Outcome Scale, umene Jennett yemweyo anakonza ndi Michael Bond mu 1975. Unali ndi masitepe 5: kumwalira, kukhala maso koma osazindikira kanthu, ulumali waukulu, ulumali wapakatikati, ndi kuchira bwino. Kenako anaona kuti masitepe atatu apamwambawo ndi otakata kwambiri, moti munthu ankasintha ndithu koma nambala ili pomwepo. Anawagawa pawiri lililonse n'kukhala masitepe 8. Umenewu ndiye umalembedwa GOSE. Mu 1998 Lindsay Wilson, Laura Pettigrew ndi Teasdale anasindikiza mafunso okhazikika oti woyesa aliyense azifunsa, chifukwa popanda mafunsowo anthu awiri ankapatsa wodwala mmodzi manambala osiyana.

Sitepe 1 ndi kumwalira, 2 ndi uja wotsegula maso osazindikira. Wa pa 3 amafuna munthu pafupi pafupifupi nthawi zonse. Wa pa 4 amatha kutsala yekha pakhomo maola 8, koma amafunabe thandizo tsiku lililonse, kapena sangakagule zinthu ndi kuyenda ulendo yekha. Wa pa 5 ndi 6 amadzisamalira pakhomo ndi kunja komwe, koma ntchito, macheza kapena ubale zinasokonekera, kwambiri pa 5, pang'ono pa 6. Wa pa 7 wabwerera ku moyo wake koma pali zotsalira zimene zimamuvutitsa, monga mutu, chizungulire kapena kuiwala. Wa pa 8 alibe chomuvutitsa chochokera ku ngoziyo pa moyo wa tsiku ndi tsiku.

Akuyenda, akulankhula, akudya yekha. Tikuona tokha kuti ali bwino. Manambalawa ndi a chiyani?

Vuto lili pa mawu akuti "ali bwino". Ife Amalawi timayankha "ndili bwino" ngakhale tili pa mphasa. Ndi ulemu wathu, koma suthandiza pofuna kudziwa ngati munthu akuchira.

Tinayenderapo mnyamata wina amene ankayendetsa kabaza. M'buku lake munali malemba a anthu atatu osiyana, pa miyezi yosiyana, onse akunena kuti akupeza bwino. Mayi ake anatilandira ndi mawu omwewo: "Tikuthokoza Mulungu, ali bwino." Analidi atakhala pampando, wovala bwino, anatipatsa moni ndi manja awiri. Titafunsa kuti, "Mayi, mungamutume kuchigayo?" anayamba ayang'ana pansi. Anati anamutumapo kamodzi, anabwera ndi thumba la ufa wa eni ake, chenji osadziwa kumene yapita. Njinga anali atabweza kwa mwini wake kalekale. Anzake anasiya kubwera chifukwa ankawatukwana popanda chifukwa. Palibe chimodzi mwa izi chimene chinali m'buku muja, chifukwa palibe amene anafunsa.

Olemba atatu aja sananame. Woyamba ankayerekeza ndi tsiku limene mnyamatayo anabwera ali chikomokere, wachiwiri ankaona bala, wachitatu ankaona kayendedwe. Koma mukaika malemba awo pamodzi simungadziwe ngati mu Juni anali bwino kuposa mu Marichi. Mafunso akakhala omwewo, ofunsidwa mofanana, nambala ya lero imatha kuyerekezedwa ndi ya miyezi itatu yapitayo, ngakhale woyamba kuyesa anasamutsidwa.

Palinso phindu lina loposa la munthu mmodzi. Kwa zaka zambiri madokotala ankapatsa ovulala m'mutu mankhwala a ma steroid pokhulupirira kuti amachepetsa kutupa kwa ubongo. Kafukufuku wotchedwa CRASH, amene zotsatira zake zinayamba kutuluka mu 2004, anatsatira odwala oposa 10,000 m'mayiko 49, ndipo pa miyezi 6 anawayesa pafupifupi onse ndi muyeso umodzi wa Glasgow Outcome Scale. Anapeza kuti mankhwalawo ankawonjezera imfa. Chikhala kuti chipatala chilichonse chinkangolemba "akupeza bwino", sizikanadziwika.

Amafunsa mafunso otani?

Amayamba ndi lofunika kwambiri: kodi munthuyu amamvera akauzidwa chinthu chapafupi, monga "finyani dzanja langa", kapena amatulutsa mawu omveka ngakhale amodzi? Kenako za pakhomo. Angadzisamalire usana ndi usiku wathunthu popanda womuthandiza kapena womukumbutsa? Apa tikunena kusamba, kuvala zochapa, kudzipezera chakudya, kulandira mlendo, ndi kudziwa chochita nsalu ikagwira moto wa pa mbaula. Ngati sangathe, angatsale yekha maola 8?

Kenako za kunja: kukagula zinthu, ndi kuyenda ulendo wapafupi. Kenako ntchito, macheza, ubale wa pabanja ndi anzake, n'kumaliza ndi zotsalira zija monga mutu, kutopa msanga, kudana ndi phokoso kapena kuwala, ndi kuiwala. Pa funso lililonse amafunsanso kuti ngozi isanachitike zinali bwanji.

Pepala loyambalo linalembedwa ku Scotland, ndiye limakamba za masitolo ndi ma taxi. Kuno timasintha zitsanzo, osati kulemera kwa funso. Kugula zinthu ndi kupita pa okala kapena pamsika wa Limbuli ndi ndalama m'manja, kukumbukira zimene watumidwa, kuwerenga chenji, ndi kusayambana ndi wogulitsa. Kuyenda ulendo ndi kukwera minibasi n'kutsika malo oyenera, kapena kuitana yekha wa kabaza n'kumuuza kolowera. Macheza ndi kutchalitchi kapena kumzikiti, kwaya, bawo, mpira, banki m'khonde, ndi kukagona pamaliro.

Kwathu sitisiya wodwala yekha. Funso la maola 8 tiyankha bwanji?

Ili ndi funso limene limasocheretsa ambiri, oyesa omwe. Pamudzi pathu munthu sakhala yekha: pali agogo pakhonde, ana a achemwali, aneba. Ndiye mukafunsa kuti "mumamusiya yekha?" aliyense ayankha kuti ayi, ndipo odwala onse agwera pa sitepe 3. Funso silikunena zimene banja limachita. Likunena zimene munthuyo angathe atasiyidwa.

Ife timalifunsa motere: "Mayi, tinene kuti kwagwa maliro ku Chonde. Mwanyamuka 7 koloko m'mawa, ana apita kusukulu, aneba nawo ali komweko, mubwerako 3 koloko masana. Mungapite mtima uli m'malo?" Akati ayi, timafunsa kuti chingachitike n'chiyani. Mayankho amabwera amitundu iwiri. Ena amati, "Ndimangomva chisoni, komanso anthu andinena." Pamenepo ndi chikondi ndi manyazi, osati kulephera kwa wodwala. Ena amati, "Anasiya poto pamoto kawiri mpaka kupserera," kapena, "Anatuluka, tinakamupeza ku Chitakale osadziwa njira yobwerera." Yankho lachiwirili ndilo limaika munthu pa sitepe 3.

Amuna anga sanaphikepo chikwatiranireni, ndipo sanalembedwepo ntchito. Mafunsowa akuwakhudza?

Akuwakhudza, koma muyeso umayerekeza munthu ndi mmene analili iye mwini ngozi isanachitike, osati ndi munthu wina. Ngati sankaphika, funso ndi lakuti mutachoka angadzipezere chakudya, kuwotcha mbatata, kuwiritsa tiyi, kapena kuvundukula chimene mwasiya n'kudya pa nthawi yake popanda wowauza. Ntchito sitanthauza yolembedwa yokha. Munda ndi ntchito, geni ya nanazi kapena nthochi ndi ntchito, kulera ana ndi ntchito, sukulu ndi ntchito ya wophunzira.

Kuno kuli msampha wina. Ntchito yothyola tiyi imachuluka nyengo ya mvula, cha mu Disembala mpaka Epulo, ndipo ambiri olembedwa kwa kanthawi amakhala pakhomo m'chilimwe. Mukayesa munthu mu Ogasiti n'kulemba kuti "sakugwira ntchito", mwamupatsa ulumali umene anzake onse osavulala ali nawo. Funsani kuti esiteti itamuitana mawa angathyole, ndipo angafike pa makilogalamu amene ankafika. Chimodzimodzi wa kabaza amene njinga yake inaphwanyika: kusowa njinga si kulephera kuyendetsa.

Ayankhe ndani, wodwala kapena gadiyani?

Onse awiri, ndipo ngati n'kotheka aliyense apatsidwe kanthawi payekha. Akulu anati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma kuvulala kwa ubongo kumatha kuwononga chomvera chenichenicho. Munthu amanena ndi mtima wonse kuti palibe chasintha, ndipo sakunama, sakuziona. Gadiyani nayenso ali ndi zake. Mayi sangaulule pamaso pa amuna awo, apongozi ali pomwepo, kuti usiku amamenyedwa. Ena amachepetsa mavuto kuopa kuoneka osayamika, ena amawakulitsa poyembekezera thandizo.

Gadiyani woyenera ndi amene amagona nyumba imodzi ndi wodwalayo ndipo ankamudziwa ngozi isanachitike, osati malume amene abwera kuchokera ku Blantyre chifukwa ndi odziwa kulankhula ndi achipatala. Mayankho akasemphana, woyesa apemphe chitsanzo cha zimene zinachitikadi sabata zapitazi. Alembenso amene anayankha, kuti ulendo wotsatira adzafunse yemweyo.

Chivulalireni amapsa mtima msanga ndipo amalankhula zochititsa manyazi. Nazonso zimawerengedwa?

Zimawerengedwa, ndipo mabanja ambiri amati izi ndizo zolemetsa kuposa mwendo wotsimphina. Mbali ya kutsogolo kwa ubongo, kuseri kwa mphumi, ndi imene imagwira munthu kuti asanene kapena kuchita chilichonse chimene chamubwerera, ndipo ndi imene imavulala kawirikawiri pa ngozi za pamsewu. Zotsatira zake ndi kupsa mtima, kusaganizira ena, chibwana, nkhawa, kapena kungokhala duu osafuna kuyamba kanthu. Pamudzi amati wapenga, walodzedwa, kapena wayamba chamba. Ena amangoti ndi mwano.

Muyeso umafunsa kuti mikangano kapena kutalikirana kumene kwabwera chifukwa cha kusinthaku kumachitika kangati. Ngati n'kwa apo ndi apo, kosafika kamodzi pa sabata, ndi sitepe 7. Ngati n'kamodzi pa sabata kapena kuposa koma banja likupirira, ndi 6. Ngati ndi tsiku lililonse mpaka banja kufika pogwedezeka, ndi 5. Za macheza zimayendanso motero: wopitabe theka kapena kuposa la mmene ankapitira ali pa 7, wosafika theka ali pa 6, wosiyiratu ali pa 5. Apanso kumbukirani funso la "kale zinali bwanji". Munthu amene anali wandewu chibadwire sayenera kulembedwa ngati ngozi ndiyo yamuyambitsa.

Amatsegula maso koma satiyankha. Akutimva?

Pa sitepe 2 munthu amagona n'kudzuka, amatsegula maso, nthawi zina amabuula kapena kusuntha, koma samvera akauzidwa chinthu ndipo satulutsa mawu. Sitepe imeneyi isalembedwe pomuona kamodzi. Ena amazindikira pang'ono nthawi zina, monga kutsatira mwana ndi maso, ndipo amene amakhala naye tsiku lonse ndiye amaziona. Mukaona zotere uzani achipatala, ayesenso pa maola osiyana. Wongomvera kamodzi motsimikizika wachoka kale pa 2. Pitirizani kumulankhula, kumutembenuza kuti asatuluke zilonda, ndi kumuwongola ziwalo mmene a mafizo anakuonetserani.

Ayesedwe liti, ndipo kangati?

Nthawi zozolowereka ndi pa miyezi 3, 6 ndi 12, kuwerenga kuchokera tsiku la ngozi, osati tsiku lotuluka m'chipatala. Lembani tsikulo pachikuto cha buku, chifukwa pakatha chaka banja limangokumbukira kuti "inali nthawi ya mango". Tsiku lotuluka m'chipatala si loyenera GOSE: munthu amene wakhala pabedi akusambitsidwa ndi gadiyani sanayesepo kugula sopo kapena kulima.

Kusintha kwakukulu kumaoneka m'miyezi 6 yoyambirira. N'chifukwa chake akafukufuku ambiri amayesa pamenepo. Koma kuchira sikuima pa tsiku limenelo, ena amakwerabe sitepe patatha chaka kapena ziwiri. Nambala ya pa miyezi 3 musaitenge ngati chigamulo.

Atiyesa anthu awiri, wina wati 5 wina wati 6. Wolondola ndani?

Lamulo la muyesowu ndi lakuti nambala yomaliza ndi yotsikitsitsa imene yapezeka pa mafunso onse. Munthu amene akugwira ntchito mochepera, zomwe ndi 6, koma pakhomo pali ndewu tsiku lililonse, zomwe ndi 5, ali pa 5. Sitiphatikiza n'kugawa pakati. Kusiyana kochuluka kumachokera pa kuiwala lamulo limeneli.

Kwina kumachokera pa zimene takamba kale: wina anafunsa "mumamusiya?" mnzake "angatsale?", wina anafunsa wodwala yekha, wina anaiwala za mmene zinalili kale. Palinso mtima wa woyesa. Amene anamuona wodwalayo ali chikomokere, n'kuchezera naye usiku, amafuna kumuona atachira, ndipo cholembera chimakwera chokha. Ifenso zimatichitikira. Ndi bwino kuti woyesa pa miyezi 6 akhale wina, ndipo asayambe waona nambala yakale asanamalize mafunso ake.

Pomaliza pali chilankhulo. Woyesa aliyense akamamasulira mafunso m'mutu mwake, pa chipatala chimodzi pamakhala miyeso itatu. Ogwira ntchito pamodzi agwirizane mawu amodzi a Chichewa, awalembe, ndipo nthawi zina awiri amvetsere wodwala mmodzi, aliyense alembe nambala yake mobisa, kenako akambirane pamene asiyana. M'buku musalembe nambala yokha. Onjezani chifukwa chake m'mawu ochepa, monga "5, sangathyole tiyi, amachita chizungulire akawerama".

Pa ngozi yomweyo anathyokanso mwendo. Akulephera kulima chifukwa cha mwendowo. Zilembedwe bwanji?

Pali njira ziwiri ndipo zonse zimagwiritsidwa ntchito: kuwerenga ulumali wonse wobwera ndi ngoziyo, kapena wa ubongo wokha. Cholakwika ndi kusakaniza, lero njira iyi mawa inayo. Woyesa alembe kuti watsata iti. Kwa banja, kusiyanitsaku n'kothandiza, chifukwa fupa likalumikizana mudzadziwa chimene chatsala.

Timakhala kutali, thiransipoti ndi yodula. Zingatheke pa foni?

Zingatheke. Muyesowu ndi wa mafunso, sufuna makina, ndipo nthawi zambiri sufika theka la ola. Chofunika ndi chakuti woimbayo alankhule ndi wodwala ndi gadiyani yemwe, pamalo poti angamasuke, osati pa foni ya aneba khamu litazungulira. Siyani manambala awiri kuchipatala. Amene amasowa pa kalondolondo nthawi zambiri ndi amene zinthu zawavuta kwambiri, ndiye chipatala chikangowerenga obwera okha chimadzinamiza kuti odwala ake onse akuchira.

Wovulala ndi mwana wa sitandade 3. Muyeso ndi womwewu?

Mafunso a akulu sakwanira pa mwana, chifukwa mwana wa zaka 8 sasiyidwa yekha tsiku lonse ngakhale ali bwinobwino. Pali mtundu wa GOSE wokonzedwera ana, umene umayerekeza mwana ndi zimene amsinkhu wake amachita, ndipo m'malo mwa ntchito umaona sukulu. Aphunzitsi ake ndi mboni yofunika. Afunseni ngati akutsatira m'kalasi monga kale, ngati amagona masana, ngati wayamba ndewu. Sungani malipoti a mayeso a asanavulale.

Mwana amatha kuoneka wochira, vuto n'kudzaonekera patapita zaka, maphunziro akayamba kufuna kukonza zinthu m'mutu ndi kukumbukira zambiri. Akayamba kubwereza makalasi musathamangire kunena kuti ndi ulesi. Auzeni achipatala ndi aphunzitsi atsopano za ngozi ija.

Nambalayi ingatithandize pa chipukuta misozi?

Ingathandize ngati umboni, koma si peresenti ya ulumali. Sitepe 4 mwa 8 sitanthauza 50 peresenti. Wovulala ali pa ntchito nkhani yake imatsata lamulo la chipukuta misozi cha ogwira ntchito la mu 2000, kudzera ku ofesi ya leba, ndipo ya ngozi ya pamsewu imafuna lipoti la apolisi ndi kalata ya dokotala yopita ku inshulansi. Mapepala amenewo ali ndi kawerengedwe kawo.

Pamene GOSE imathandiza ndi apa: dokotala wodzaza fomu amamuona munthu mphindi zochepa, ndipo ulumali wa ubongo suoneka ngati chala chodulidwa. Buku limene likuonetsa 3, kenako 4, kenako 5, ndi zifukwa zake, limamuuza zimene sangaone. Maganizo athu ndi akuti musafulumire kusainira zomaliza m'miyezi yoyambirira zinthu zisanakhazikike, ngakhale ndalama ikufunika pakhomo. Ndipo nenani zoona zokhazokha. Kukulitsa kumagwidwa mayankho akayamba kusemphana, pamene kubisa chifukwa cha manyazi kumamana munthu chimene chili chake.

Ndani angatiyese, ndipo thandizo tikalipeza kuti?

Dokotala, namwino kapena wa mafizo amene anaphunzira mafunsowa angayese. Yambani pa chipatala cha boma cha Mulanje kapena cha Thyolo, kapena cha mishoni monga Mulanje Mission ndi Malamulo ku Makwasa, ndipo funsani masiku amene a mafizo amaona anthu. Ofunika kujambulidwa m'mutu kapena opaleshoni ya ubongo amatumizidwa ku Queen Elizabeth Central Hospital ku Blantyre. Mumzinda womwewo muli Kachere Rehabilitation Centre, kumene anthu amagonekedwa pophunziranso kuyenda ndi kudzisamalira. Kulikonse kumene mupite tengani buku limodzi lomwelo. Likadzaza, lisokereni ku latsopano.

Kodi muyesowu umanena zonse?

Ayi. Masitepe 8 ndi ochepa pa moyo wa munthu. Wina amaphunziranso kudya ndi dzanja lake, kupita kuchimbudzi yekha, kutchula mayina a ana ake, koma ali pa 3 pomwepo chifukwa sangasiyidwe. Banja likuona kusintha kwakukulu, nambala ili chiimire. Musataye mtima, ndipo pemphani kuti zimenezo zilembedwe m'mawu. Mawu akuti "ulumali waukulu" nawonso amapweteka akanenedwa za munthu amene akuseka nanu pakhonde. Pa muyesowu amangotanthauza kuti amadalira wina tsiku lililonse.

GOSE siyesa mwachindunji kukumbukira, kukhumudwa, kapena kutopa kwa mayi amene wasiya geni kuti asamalire wodwala. Pali miyeso ina yothandizana nayo. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO lili ndi WHODAS 2.0, ya mafunso 12 kapena 36 onena za masiku 30 apitawo, ndipo a mafizo ali ndi yawo ya kayendedwe ndi mphamvu ya ziwalo. Nayonso imafuna kuti mafunso azifunsidwa mofanana ulendo uliwonse.

Ulendo watha anali pa 6, pano akuti 4. Chachitika n'chiyani?

Choyamba onani ngati si kafunsidwe kamene kasintha. Ngati banja nalonso likuona kuti wabwerera m'mbuyo, pafufuzidwe chifukwa. Zodziwika ndi khunyu limene limatha kuyamba patapita miyezi, kukhumudwa kwakukulu, mowa, mankhwala ogonetsa, madzi kuchuluka mu ubongo, ndi magazi oundana pang'onopang'ono pansi pa chigaza. Omalizawa amakonda okalamba ndi omwa mowa, ndipo amatha kuonekera patatha masabata angapo munthu atangogunda mutu pachitseko. Zambiri mwa izi zili ndi thandizo.

Koma pali zizindikiro zosayenera kudikira tsiku la kalondolondo: mutu umene ukungokulirakulira, kusanza mobwereza, kugona kovuta kudzutsa, kusokonekera kwatsopano, kugwa khunyu, kufooka mbali imodzi, mwana wa diso limodzi kukula kuposa mnzake, kapena madzi oyera kutuluka m'mphuno kapena m'khutu. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ngakhale ndi usiku, buku lili m'manja. Pofika nenani tsiku la ngozi musanafunsidwe, ndipo ngati n'kotheka pezani galimoto m'malo momukweza pa kabaza.